Wa mafizo afike pa sukulu, mwana asamulondole ku Tete

Chaka chikamapita kumapeto, nthawi ya matrícula ikakwana, makolo a m'boma la Moatize amandandalika pa khomo la ofesi ya sukulu, aliyense atagwira dzanja la mwana wake wa zaka 6. Zimakhala chomwecho ku Moatize, ku Cateme, ku Kambulatsitsi mpaka ku Zóbuè. Koma m'midzi yambiri muli mwana amene safika pa mzere umenewu. Ndi uja amene sanayambe kuyenda pamene anzake obadwa nawo chaka chimodzi akuthamanga kale, uja amene khosi lake silinalimbe, uja amene dzanja limodzi linapindikira pachifuwa. Mwana wotere amatsala pa mphasa kuseri kwa nyumba. Amayi ena amalimba mtima, namulembetsa, namamubereka m'mawa uliwonse kupita naye ku sukulu. Koma mwana amakula, msana wa mayi sukula, ndipo nthawi yokolola ikafika ulendo uja umathera panjira.

Malamulo sakusowa ayi. Dziko la Mozambique linayamba ndondomeko yakuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo m'chaka cha 1998. M'chaka cha 2012 linavomereza pangano la mayiko onse loteteza ufulu wa anthu olumala. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo silinapatule mwana wosayenda. Palinso ndondomeko ya maphunziro a ana olumala ya zaka za 2020 mpaka 2029, ndi lamulo la ufulu wa anthu olumala la 2024. Mwa malo atatu otchedwa CREI amene boma linakhazikitsa kuti azithandiza maphunziro a ana otere, amodzi ali mu mzinda wa Tete, ena awiri ali ku Gaza ndi ku Nampula. Mapepala ndiye okwanira. Chosowa ndi munthu wodziwa ntchito amene angaime m'kalasi ya ku Zóbuè, ayang'ane mwana, ayang'ane pamene akukhala, nanene choyenera kuchita.

Anthu a ntchito imeneyi ali a mitundu iwiri, ndipo ambiri kumudzi amangodziwako mtundu umodzi. Woyamba ndi wa mafizo, amene pa chitseko cha chipatala amalemba kuti fisioterapia. Iye amaona za thupi: kulimbitsa khosi ndi msana, kuphunzitsa mwana kukhala, kuima ndi kuyenda, ndi kuteteza kuti mawondo ndi zigongono zisaume zitapindika. Wachiwiri ndi amene pa Chipwitikizi amamutchula terapeuta ocupacional. Dzinali limasokoneza, chifukwa ena amaganiza kuti ndi munthu wopezera anthu ntchito. Ntchito ya mwana ndiyo kudya yekha, kuvala, kusewera, kugwira pensulo ndi kupita kuchimbudzi osanyamulidwa, ndipo katswiri ameneyu amaphunzira zaka zingapo za momwe mwana wolumala angachitire zimenezi payekha. Ku America lamulo la 1975 linalamula kuti mwana wolumala azilandira chithandizo chotere kudzera ku sukulu yake, ndipo kuchokera pamenepo akatswiri a mitundu iwiriyi akhala akulembedwa ntchito ndi a zamaphunziro. Ku Moatize ndi ku Zóbuè anthu amawadziwa ngati anthu a m'chipatala basi.

Tsono ana ofuna chithandizo chimenechi amachokera kuti? Ambiri ndi amene ubongo wawo unavulala pobadwa: mayi anachedwa kufika ku chipatala, mwana anabadwa osalira, kapena anadwala chikasu chachikulu masiku oyamba. Ena anabadwa bwino, nayamba kuyenda ndi kulankhula, kenaka malungo anawagwira mu ubongo. Pa nkhani ya malungo anthu a m'malire muno sayenera kufufuza kutali. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre madokotala akhala akutsata matendawa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo kafukufuku amene Gretchen Birbeck ndi anzake anatulutsa mu 2010 anapeza kuti pa ana atatu alionse amene anapulumuka malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi anatsala ndi vuto: khunyu, kufooka kwa ziwalo, kapena kusintha kwa khalidwe. Zina mwa zimenezi zinkaonekera patapita miyezi mwana atatuluka m'chipatala. Udzudzu wa ku Mwanza ndi wa ku Zóbuè ndi umodzi, sudinditsa pasipoti pa chipata. Mwana amene anakomoka ndi malungo chaka chatha, lero n'kumalephera kugwira pensulo kapena kukhazikika m'kalasi, kawirikawiri amatchedwa waulesi kapena wamwano, namenyedwa chifukwa cha chilonda chimene sichioneka.

Pali enanso. M'chaka cha 2022 poliyo, imene anthu ankati inatha, inapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, kenaka mwa mwana wa ku Changara, ndipo pomatha chaka ana 8 anali atapezeka nayo m'dziko la Mozambique, onsewo m'chigawo cha Tete. Katemera anayenda khomo ndi khomo ndipo mliriwo unalengezedwa kuti watha mu 2024. Koma katemera amateteza mwana amene sanadwale. Mwendo umene unafooka kale sabwezeretsa. Ana aja tsopano ndi a msinkhu wa sukulu kapena akuyandikira. Pali ana obadwa ndi mapazi opindika, vuto limene limawongoka bwino ndi chikhakha chosinthidwa sabata ndi sabata ngati mwana apita naye ku chipatala akadali khanda, koma limavuta kwambiri akafika zaka 7 akupondera m'mbali mwa phazi. Pali ana akhunyu amene anagwera pamoto. Ndipo anthu a m'boma lino sanaiwale za Caphiridzange, pamene thanki ya mafuta inaphulika mu November 2016, nipha anthu oposa 70 ndi kutentha ena ambiri, ana omwe. Chipsera cha moto chimakoka khungu mwana akamakula, ndipo popanda wina wochiyang'anira zala zimamatana, chigongono n'kukana kutambasuka.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za kuchipatala, ndipo mayi amene ali ndi mwana wotere apite naye ku Hospital Provincial ku Tete. Wonena zimenezi ayambe wawerenga mtunda. Kuchokera ku Zóbuè kukafika ku Tete ndi pafupifupi makilomita 120, ndipo ambiri sakhala m'mphepete mwa msewu wa N7. Amayamba atsika m'mapiri ndi mwana kumsana kuti akapeze chapa. Alipire ulendo wopita ndi wobwerera, agule chakudya panjira, asiye munda ndi ana ena tsiku lonse, kuti mwana akagwiridwe miyendo kwa kanthawi kochepa, nauzidwa kuti abwerenso. Amapita kawiri, katatu, kenaka ndalama ya mbatata ndi kabichi imatha. Ena amaolokera ku Mwanza chifukwa ndiko kufupi, ena mpaka ku Blantyre. Mayi amene wasiya maulendo otere sanatope ndi mwana wake. Wagonja ndi msewu.

Komatu ngakhale chapa ikanakhala yaulere, ulendo wa ku Tete pawokha sukanakwanira, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Akatswiri amene anasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko ambiri zokhudza ana ovulala ubongo, motsogozedwa ndi Iona Novak wa ku Australia, anatulutsa zotsatira zawo mu 2013 ndiponso mu 2020. Mwa zimene anapeza kuti zimathandizadi ndi izi: mwana azichita yekha chinthu chenicheni chimene akufuna kudziwa, azichibwereza kambirimbiri, cholinga chake chikhale chimene banja lasankha, ndipo makolo aphunzitsidwe kupitiriza kunyumba. Kumugoneka mwana pa bedi, wina n'kumamupinda miyendo iye ali chete, sikumuphunzitsa kukwera khonde la kalasi. Mwana amaphunzira kukwera khonde pokwera khondelo. Ndiye kuti chithandizo chachikulu sichichitikira m'chipinda cha chipatala kamodzi pa mwezi. Chimachitikira pamene mwana amakhala tsiku ndi tsiku, kunyumba ndi ku sukulu. Katswiri amene sanaone kalasi ya mwanayo sangadziwe kuti ana amakhala pansi, kuti chitseko chili ndi chopondera chachitali, kapena kuti chimbudzi ndi dzenje lopanda pogwira. Chimbudzi chokhacho chachotsa ana ambiri pa sukulu, makamaka atsikana akamasinkhuka, ndipo palibe amene amalemba chifukwa chimenechi m'kaundula.

Zambiri zimene katswiri angachite atafika pa sukulu sizifuna makina. Mwana amene thupi lake limagwera mbali amathera mphamvu zake zonse pa kudzigwira kuti asagwe, kotero manja ake sapeza mpata wolemba. Akamukhazika pa kampando koyenera msinkhu wake, chiuno chitafika kumbuyo, mapazi ataponda pansi, m'mbali muli motsamira, manja amamasuka, ndipo mphunzitsi amadabwa kuona kuti mwana amene ankamuyesa wosamva ankamva zonse. Pensulo imene imapulumuka m'zala amaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kapena kuilowetsa m'chitsononkho kuti inenepe. Nsungwi ziwiri zokhomedwa pa mitengo zimakhala pophunzirira kuyenda. Pa dzenje la chimbudzi amaikapo kampando kobooka ndi mtengo wogwira. Mmisiri wa matabwa wa pa msika wa Zóbuè angapange zonsezi. Chimene iye sangadziwe payekha ndi muyeso: kutalika kwake, kupendekeka kwake, ndi nthawi yosinthira mwana akakula. Mpando wolakwika umapinda msana ndi kuyambitsa zilonda. N'chifukwa chake njinga za olumala zimene zimagawidwa pa misonkhano, za muyeso umodzi ngati matumba a chimanga, nthawi zambiri zimathera pa khonde zitasanduka poyanika zovala. Bungwe la WHO linachenjeza za kugawa njinga mopanda kuyeza munthu kale mu 2008.

Nzeru ndi zipangizo zophunzitsira ntchitoyi zilipo, ndipo zina zinapangidwa tsidya lina la malire, pakati pa anthu a chilankhulo chomwechi. Mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa njira yoyezera kakulidwe ka mwana yotchedwa MDAT, imene inakonzedwa ndi kuyesedwa pa ana a m'midzi ya ku Malawi. Imayang'ana zinthu zinayi: kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ntchito ka zala, kulankhula, ndi kakhalidwe ndi anthu, kuyambira pa khanda mpaka zaka 6. Ubwino wake ndi wakuti imafunsa zimene mwana wa kumudzi amachitadi, pamene miyeso ya ku Ulaya imafunsa za zidole zimene mwana wa ku Kambulatsitsi sanazionepo, kenaka n'kumuweruza kuti ndi wotsalira. Ku Zimbabwe, Bevill Packer anayambitsa luso lopanga mipando ndi zoimiritsira ana kuchokera ku makatoni, mapepala akale ndi phala la ufa, ndipo mpando wotere ukauma umalimba mokwanira kunyamula mwana. Makatoni pa chipata cha Zóbuè amangotayidwa ndi kutenthedwa. Buku la David Werner lotchedwa Disabled Village Children, la mu 1987, lodzaza ndi zithunzi zosonyeza kapangidwe ka zipangizo zotere, linamasuliridwanso m'Chipwitikizi. Choyenera n'chakuti masamba ofunika a mabuku otere alembedwe m'Chinyanja, kuti agogo amene amatsala ndi mwana masana athe kuwerengeredwa ndi kumva. Si chinthu chachilendo m'chigawo chino: pamene boma linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo zawo, kuyambira 1993 mpaka 1997, ku Tete linasankha Chinyanja.

Chovuta china n'chakuti ana amenewa sawerengedwa mokwanira, ndipo mwana wosawerengedwa salowa m'bajeti. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu olumala m'dziko la Mozambique ndi 2.6 pa 100 alionse. Bungwe la UNICEF linanena mu 2021 kuti pa dziko lonse lapansi mwana mmodzi pa ana 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kusiyana kwa manambala awiriwa sikukutanthauza kuti Mozambique ndi dziko lamwayi. Wolemba kalembera akafika pakhomo, mwana wa kuseri kwa nyumba satchulidwa, kapena banja silimuona ngati wolumala chifukwa amayenda ndithu, angolephera kulemba. Ku Ntcheu ndi ku Thyolo ofufuza anayesa njira ina: anaphunzitsa anthu a m'midzi momwemo kuzindikira ana otere ndi kulemba mayina awo, kenaka madokotala anabwera kudzawayeza pa malo amodzi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017, ndipo anapeza ana pafupifupi 17 pa 1,000 alionse amene anali ndi ulumali waukulu ndithu. Ntcheu ndi woyandikana ndi Tsangano. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, ndipo anyakwawa, akuluampingo ndi ma APE amene amayenda kale m'midzi ndi mankhwala a malungo angaigwire bwino. Zofufuza zambiri za ana olumala zinachitikira m'mayiko olemera, kumene mwana amapita ku sukulu pa galimoto. Boma la Moatize likufunika kaundula wakewake.

Pali chodandaula chimene chili choona, ndipo sichiyenera kubisidwa: akatswiriwa ndi ochepa kwambiri. Sukulu ya ISCISA, imene imaphunzitsa mafizo ndi terapia ocupacional, ili ku Maputo, ndipo omaliza maphunziro ambiri amakhala m'mizinda ikuluikulu. Palibe amene angalonjeze katswiri mmodzi pa sukulu iliyonse, ndipo wolonjeza zimenezo akufuna mavoti chabe. Komanso mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 60 m'kalasi sangasandulike wa mafizo. Koma sukulu za m'dziko muno zinagawidwa kale m'magulu otchedwa ZIP, mmene aphunzitsi a sukulu zoyandikana amakumana pa sukulu imodzi. Katswiri mmodzi wokhala ndi njinga yamoto, mafuta ndi kalendala yodziwika angafike pa likulu la ZIP iliyonse kamodzi pa chigawo cha chaka cha sukulu. Makolo adziwiretu tsiku, abwere ndi ana, olembetsa ndi osalembetsa omwe. Katswiri ayeze mwana, alembe zinthu ziwiri kapena zitatu zoti zizichitika, aonetse mayi, mphunzitsi ndi APE momwe angachitire, apereke muyeso kwa mmisiri, ndipo amene akufunika opaleshoni, mankhwala a khunyu kapena nsapato zapadera amulembere kalata ya ku Tete. Akabweranso aone ngati mpando ukumukwanabe. Mphunzitsi sapemphedwa zambiri: kumukhazika mwana kutsogolo, kumupatsa nthawi yokwanira polemba, ndi kuletsa anzake kumuseka. Kuti zimenezi zitheke, ofesi ya zaumoyo ya boma, SDSMAS, ndi ofesi ya zamaphunziro, SDEJT, ziyenera kukhala pa tebulo limodzi, chifukwa mwana ameneyu akagwera pakati pa maofesi awiri aliyense amati ndi wa mnzake.

Nanga ndalama? Funso limeneli likanamveka bwino kwina, osati ku Moatize. Malasha akhala akutuluka m'boma lino pa sitima kuyambira pamene Vale inayamba kukumba mu 2011, ndipo akutulukabe mgodiwo utagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022. Mabanja anasamutsidwa kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro kuti malashawo akumbidwe. Kuyambira 2013 boma limapatula 2.75 pa 100 ya msonkho wa zokumbidwa kuti ibwerere kwa anthu a m'madera a migodi, ndipo anthu eni ake amayenera kufunsidwa za ntchito yake. Kawirikawiri pa misonkhano yotere pamatchulidwa zinthu zooneka ndi maso, monga chipinda cha kalasi, mjigo kapena msika. Zonsezo n'zofunika. Koma kalasi yatsopano yokhala ndi masitepe ndi chimbudzi chopanda pogwira ndi kalasi imene yatsekera kunja ana ena isanatsegulidwe. Polowera potsetsereka pamene njinga ingadutse sipadya simenti yambiri ngati paganiziridwa pomanga. Mtengo wa njinga yamoto imodzi ndi mafuta ake a chaka chonse sufika pa mtengo wa chipinda chimodzi cha kalasi. Midzi ya ku Zóbuè, imene ili kutali ndi migodi, iyenera kuganiziridwa m'bajeti ya boma la Moatize, chifukwa ndiko kumene msewu wa ku Tete uli wautali koposa.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ndi yolemera. M'midzi yambiri mwana akabadwa wolumala, mlandu umagwera mayi: ena amati sanadzisunge ali ndi pakati, ena amati wina m'banjamo anakhwimira mwanayo kuti alemere. Pali abambo amene amanyamuka kupita ku migodi kapena ku Joni osabweranso. Ndalama imene ikanalipira chapa imathera kwa asing'anga, ndipo zaka zoyamba, zimene ubongo wa mwana umaphunzira msanga, zimadutsa. Ulumali wochokera ku ubongo sutha ndi mankhwala, a chikuda kapena a chizungu, ndipo wolonjeza kuti authetsa akunama. Chimene chimatheka n'chakuti mwana aphunzire kuchita zambiri ndi thupi limene ali nalo, ndipo ambiri mwa ana otere nzeru zawo n'zabwinobwino. Khunyu nalo silopatsirana. Mwana akagwa m'kalasi anzake asathawe, amuchotsere zinthu zimene zingamuvulaze, amugoneke chammbali, ndipo asamuike kanthu m'kamwa. Mabungwe a anthu olumala monga ADEMO, imene inayamba mu 1989, ali ndi akuluakulu amene anadutsa m'njira yomweyi, ndipo mawu awo pa msonkhano wa makolo amamveka kuposa a mlendo wochokera ku Maputo.

Poyambira ndi pafupi. Matrícula isanatsekedwe, nyakwawa iliyonse ndi conselho ya sukulu iliyonse zilembe mayina a ana a zaka 6 kupita m'tsogolo amene ali pakhomo chifukwa cha ulumali, ndi chimene chikumulepheretsa aliyense: mtunda, mpando, chimbudzi kapena mantha a makolo. Kalata imodzi ipite kwa mkulu wa sukulu, ina kwa chefe do posto, ina ku chipatala chapafupi. Ndipo pa msonkhano wotsatira wa conselho consultivo, wina aimirire ndi mayinawo m'manja, afunse tsiku limene wa mafizo adzafike pa ZIP yawo.